Dzina Limene Ndinalembera Mayeso

Bradford, Lachisanu masana

Tadala mwana wanga,

Watuluka kumene kukatsanzika anzako. Masutikesi ako awiri ali m'kolido, atseka njira, moti bambo ako apunthwapo kale kawiri. Ine ndakhala pa tebulo la kukhitchini ndi cholembera. Ndikulemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti ukangoona tsamba loyamba ukwinya nkhope, chifukwa Chichewa chako chili m'makutu, m'maso mulibe. Uwerenge mokweza, pang'onopang'ono, makutuwo akuthandiza. M'Chingerezi ndimatha kukangana ndi madokotala ndi kutonthoza odwala, koma kupepesa sindimatha, mawu ake amatuluka ouma ngati ndikuwerenga fomu ya kuchipatala.

M'mawa uno ndapeza kiyi wako wa pakhomo ali pamwamba pa furiji. Nditakufunsa ngati waiwala, unayankha m'Chingerezi chako chothamanga chija kuti ku Newcastle sukagwira naye ntchito, ndipo Khirisimasi ukadyera komweko ndi anzako. Unanena mosapsa mtima, ukupaka batala pa buledi. Bola ukanakalipa, ndikanadziwa poyambira. Ndiye cholinga cha kalatayi sindikubisira. Ndikuopa kuti mawa bambo ako akakakutula kumeneko, ukhala utapita osati kusukulu kokha ayi, koma utandichokeratu ine. Ndipo chimene chikukuthamangitsa ndikuchidziwa. Unachinena wekha Lamulungu lija kutchalitchi, a Mai Nyirenda atakufunsa chifukwa chake wasankha uphunzitsi pamene mutu wako ukanatha udokotala. Unaseka n'kunena kuti ukufuna kukateteza ana kwa makolo onga amayi ako. Onse anaseka, nane ndinaseka nawo.

Ukukaphunzira uphunzitsi. Chaka chimodzi chokha, kenako boma likupatsa kalasi ya ana a eni, pamodzi ndi mapepala a mayeso oti uziwayesera. Ndiye usananyamuke ndikufuna udziwe kumene mantha anga a mayeso anachokera. Sindikudzikhululukira, ndikungofuna kuti ukadzakumana ndi mayi wonga ine pa khomo la kalasi yako, udzamuzindikire.

Ndiyambe ndi chinthu chimene sindinakuuzepo. Dzina lakuti Joyce, limene lili pa baji ya yunifolomu yanga, pa pasipoti, ndi pa kalata yako yobadwira, si limene bambo anga anandipatsa. Ndinalitola panjira, pa ulendo wa njinga. Kwathu ku Ntcheu, nthawi yathu, Sitandade 8 inali mpata wopapatiza. Kukhoza mayeso kunalibe ntchito, nkhani inali kusankhidwa, chifukwa malo m'masekondale a boma anali ochepa ndipo ana tinalipo khamu. Boma ndilo linkalemba mafunso, kuchonga, ndi kusankha. Bomalo sitinkaliona ndi maso, tinkangoona pepala lokhomedwa pa chitseko cha ofesi ya ahedi. Chaka choyamba ndinakhoza, koma dzina langa pa chitsekopo panalibe. Ndinabwereza, ndinakhozanso, panalibenso. Ndinaliwerenga pepala lija kuchokera pamwamba kutsika, kenako kuchokera pansi kukwera, kuganiza kuti mwina maso adumpha mzere. Anthu ankanena kuti dzina likapezeka kangapo m'mabuku a mayeso, osankha amalidumpha dala. Kaya zinali zoona kaya ayi, palibe anafunsa, ndipo kunalibe koti n'kukafunsa.

Malume anga, achimwene awo a agogo ako, anabwera m'mawa wina n'kundiuza kuti ndimange zovala. Anandikweza pa njinga kupita ku sukulu ina ya kutsidya kwa phiri, kumene kunalibe wondidziwa, kuti ndizikakhala kwa mlamu wawo. Tili pa chitunda, onse titatsika n'kumakankha njinga, anati, "Kuyambira lero ndiwe Joyce, mwana wanga wobereka ine. Akakufunsa, Sitandade 8 ukuiona koyamba. Zaka uchotsepo ziwiri, wamva?" Ndinati, "Nanga dzina langa lija, malume?" Iwo osacheuka n'komwe anati, "Lija lalephera kawiri, lipume." Sanali munthu woipa, ndipo sanali yekha, mabanja ambiri ankachita zomwezo. Sabata zoyamba aphunzitsi akamaitana mayina ine ndinkangoti duu, mpaka anayamba kundikhazika kutsogolo poganiza kuti ndili ndi vuto la makutu. Chaka chimenecho Joyce anasankhidwa. Joyce yemweyo anapita ku sekondale, ku sukulu ya unamwino, mpaka kukwera ndege. Bambo ako anadziwa pa chinkhoswe, azimayi akwathu ataitana mkwatibwi ndi dzina lina, iwo n'kumacheukacheuka kuona ngati alowa pa mwambo wa eni. Ndipo keke ija umandiphikira chaka ndi chaka, makandulo amaperewera awiri.

Pali munthu wina amene ndiyenera kumutchula, ndipo dzina lake usaliiwale. Lusiya ankakhala nane desiki imodzi zaka ziwiri zonse zija ku sukulu yakwathu. Masamu ogawa ndi iyeyo anandiphunzitsa, polemba ndi chala pa dothi kuseri kwa kalasi, chifukwa aphunzitsi akafotokoza ine ndinkangoona mdima. Nayenso anakhoza kawiri osasankhidwa. Kusiyana kwathu kunali kumodzi, iye analibe malume wokhala ndi njinga ndi mlamu kutsidya kwa phiri. Anatsala, n'kukwatiwa chaka chotsatira. Nditapita kumudzi ku maliro a malume, iwe uli wamng'ono, ndinamva munthu akuitana pamsika, kawiri, katatu. Sindinacheuke, chifukwa dzina limene ankaitanalo ndinali nditasiya kuliyankha. Anachita kundigwira pa phewa. Anali Lusiya, ali ndi dengu la tomato. Tinacheza, tinaseka, ndinamupatsa chitenje, koma mumtima, ndinene zoona, ndinkadziona ngati ine ndi amene ndinali ndi mutu, iye ayi. Cholakwa changa choyamba ndi chimenecho, Tadala. Ndinakhulupirira kuti pepala la pa chitseko lija linanena zoona za ife awiri. Zanditengera zaka kuti ndione kuti pepalalo silinkayesa mitu yathu yokha, linkayesanso kuchuluka kwa madesiki amene boma linali litakhoma m'masekondale. Ukadzaona mndandanda wa ana ako, ena pamwamba ena pansi, udzifunse kaye kuti pepalali layesa chiyani, ndipo lasiya chiyani.

Cholakwa chachiwiri ukuchikumbukira bwino, koma mbali yanga sunaimvepo. Uli m'chaka chomaliza cha pulayimale unabwera ndi kalata yonena kuti mu Meyi mulemba mayeso a boma, aja amati ma SATs. Nditangoona mawu oti chaka chomaliza ndi mawu oti mayeso a boma ali pa pepala limodzi, ndinati basi, Sitandade 8 yandilondola mpaka kuno. Ndinakuchotsa mu kwaya ya ana kutchalitchi. Ndinakuletsa kusambira Loweruka. Ndinagula mabuku a mafunso akale mulu wonse. Ndikaweruka ku wodi ndinkakhala nawe pa tebulo lomwe lino, yunifolomu osavula, kawotchi kanga ka pachifuwa ndili nako m'manja, kukuwerengera mphindi. Unali ndi zaka khumi ndi chimodzi zokha. Unayamba kudya zikhadabo mpaka kutuluka magazi, ndipo ine namwino wamkulukulu ndinkakupaka mankhwala m'zala osafunsa chimene chikukudya mumtima.

Zotsatira zitabwera, Chingerezi unakhoza bwino, masamu anaperewera pang'ono. Ndinapempha tsiku kuntchito, ndinavala diresi la kutchalitchi, n'kupita kukaonana ndi aphunzitsi ako, Mayi Khan aja ankavala nsapato zothamangira tsiku lililonse. Iwe ndinakusiya pa benchi kunja kwa kalasi, chitseko osachitseka bwinobwino. Ndinawauza mwaulemu wonse kuti ndabwera kudzapempha kuti mwana wanga abwereze kalasi. Iwo anati kuno mwana sabwereza chifukwa cha mayeso amenewa. Ndinati, nanga asankhidwa bwanji kupita ku sekondale? Iwo anati, "Mayi, malo a Tadala ku sekondale anaperekedwa kale mu Malichi. Kodi kalata simunalandire?" Ndinali nditailandira. Inali mu dirowa ya mapepala a gasi. Ndinaiwerenganso kawiri konse, koma ndinkayesa kuti malowo ndi ongosungitsa, mwana akalephera amulanda n'kupatsa wina. Mutu wanga sunkatha kulandira zoti pali dziko limene mwana aliyense ali ndi desiki yake ku sekondale, wokhoza ndi wosakhoza yemwe. Mayi aja anandikokera mpando, kampando ka ana kaja, ine n'kukhalapo mawondo ali m'mwamba. Anati, "Mayeso awa boma likuyesa ife kuposa mmene likuyesera ana. Likufuna kudziwa ngati sukulu ino ikuphunzitsa. Woyenera kusowa tulo ndi ine ndi ahedi athu, osati Tadala." Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindinachiteponso kwina.

Potuluka ndinakupeza uli ndwii pa benchi, chikwama chili pamiyendo. Unali utamva zonse. Panjira unandifunsa funso limodzi lokha, ngati ndinkafunadi kuti anzako apite akusiye. Ine ndinayankha kuti fulumira, basi itisiya. Ndipo usaganize kuti ndinaphunzirapo pomwepo, mutu wa amako ndi wouma. Pa chakudya tsiku lomwelo, iwe utakwera kuchipinda, ndinauza bambo ako kuti bwanji timutumize kwa azakhali ake ku Liverpool, akalembenso kumeneko kumene sakumudziwa. Bambo ako anaika supuni pansi n'kunena kuti, "Amake Tadala, mukufuna timusinthenso dzina?" Sindinawalankhule masiku awiri, chifukwa anali atanena zoona.

Ndiye tamvera. Tsiku lina pa khomo la kalasi yako padzaima mayi atavala diresi la kutchalitchi pakati pa sabata, kapena bambo atavula chipewa, akupempha chinthu chimene kwa iwe chidzamveka ngati misala. Mwina adzakhala wa ku Malawi, mwina wa dziko lina limene sunalimvepo, mwina wongofika kumene amene akudikira mapepala ake okhalira kuno ndipo kalata iliyonse ya boma imamuopsa. Usadzamuseke, ngakhale m'chipinda cha aphunzitsi pomwa tiyi. Udzamupatse mpando, waukulu ngati ulipo. Udzamufunse kaye kuti iye analemba mayeso otani kwawo, ndipo amene analephera zinawathera bwanji. Yankho lake lidzakuuza chimene akuopa. Ndipo chonde, Tadala, usanayambe kulankhula naye, udzayang'ane amene wakhala pa benchi panja, n'kutseka chitseko.

Cholakwa chachitatu ndicho chimandiwawa kwambiri, chifukwa pamenepo sindinganamizire umbuli. Chaka cha mliri chija boma linatseka masukulu n'kulengeza kuti mayeso a GCSE, aja a kumapeto kwa sekondale, kulibe. Linasinthasintha maganizo, lero izi mawa izo, mpaka linavomera kuti magiredi akhale amene aphunzitsi apereka malinga ndi ntchito imene anaiona kwa mwana. Iwe unali utakonzekera zaka ziwiri. Ine masiku amenewo ndinkachoka ku wodi nkhope ili mizeremizere ya masiki, kuvulira zovala pakhomo, kuopa ngakhale kukukhudza. Tsiku la zotsatira unatsika masitepe ukuthamanga, foni ili m'manja, n'kundiika pamaso. Masamu omwe aja anakuvuta ku pulayimale unali utapeza giredi yapamwamba. Ndinayang'ana, n'kunena kuti, "Chabwino, koma awa akupatsani, simunalembe." Unangoti, "Okay, Mum," n'kukwera masitepe pang'onopang'ono. Kuyambira tsiku limenelo sunandionetsenso pepala lililonse. Za mayeso otsatira ndinamvera kwa bambo ako. Zaka zitatu za digiri yako unkagona m'nyumba muno n'kumakwera sitima m'mawa uliwonse, koma mmene unakhozera ndinakamvera pa mwambo womaliza, ndili pa mpando ngati mlendo woitanidwa.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti mawu amenewo anachokera kuti. Kutopa kunalipo, koma si kutopa kokha. Ndikuganiza kuti ndi izi. Ngati n'zoona kuti mphunzitsi amene wakhala ndi mwana chaka chonse angathe kunena zoona za mwanayo, ndiye kuti aphunzitsi athu a ku Ntcheu akanafunsidwa akanatchula Lusiya, osati ine. Ndiye kuti dzina langa ndinalitaya kuti ndidutse pa mpata umene sunali wachilungamo monga ndinkadziuzira. Zimenezo sindinkafuna kuzimva. Ndinateteza mayeso chifukwa ndinali nditawapatsa chinthu chachikulu, ndipo powateteza ndinabaya mwana wanga. Pepa, Tadala. Masamu aja unakhoza ndiwe, palibe anakupatsa. Ndinkakuona ukuwerenga pa tebulo lino popanda wokuuza, pamene ine ndinalibe mphamvu ngakhale yokufunsa kuti wadya. Ndinkanyadira, koma pakamwa panatuluka zina.

Tsopano usandimve molakwa. Sindikufuna upite ku Newcastle ndi mtima woti mayeso ndi mdani ndipo boma lichoke m'sukulu, monga ndakumva ukukangana ndi bambo ako mukamaonera wailesi ya kanema. Pamenepo ndiye tisiyana pang'ono, ndipo undilole ndinene. Pakanapanda sukulu ya boma, ine mwana wa mlimi wa mbatata ndikanaphunzira kuti? Ndipo pakanapanda mayeso ochongedwa ndi munthu wosandidziwa, malo ochepa aja akanapita kwa ana a anthu odziwika ndi a amene amadziwa nyumba yoti apititseko nkhuku. Wochonga uja sankadziwa kuti bambo anga analibe nsapato, ndipo kusadziwa kwakeko kunandithandiza. Kunonso n'chimodzimodzi. Sukulu yako ya pulayimale inali pakati pa nyumba zogundizana izi, ana ake olankhula zilankhulo zosawerengeka, makolo ambiri ogwira ntchito za mashifiti ngati ife. Pakanakhala kuti palibe amene amabwera kudzayesa, ndani akanadziwa ngati ana amenewo akuphunzitsidwa kapena akungosungidwa mpaka belu lilire? Sukulu za kumalo a anthu olemera zili ndi makolo odziwa kufunsa. Zathuzi nthawi zina woziyang'anira amakhala boma lokha.

Ku wodi kwathu lamulo limati tiziyesa odwala kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi nthawi ndi nthawi, n'kulemba. Timadandaula kuti mapepala achuluka, ndipo achulukadi. Koma ndaonapo kangapo munthu akunena kuti ali bwinobwino, akusekanso, pamene manambala akusonyeza kuti zinthu zayamba kusokonekera mkati, ndipo tinamupulumutsa chifukwa cha kuyesako. Ndaonaponso mbali inayo. Tsiku lina ndili pa liwiro ndinayesa bambo wina wachikulire, ndinalemba, n'kutembenuka kuti ndizipita. Anandikoka mkono wa yunifolomu n'kundifunsa ngati ndaona kuti wameta ndevu. Mwana wake amene anali asanabwere sabata yonse ankabwera tsiku limenelo. Manambala ake onse ndinali nawo, koma nkhope yake ndinali ndisanaiyang'ane. Ndiye uziwayesa anawo, Tadala, ndi ntchito yako ndipo ili ndi phindu. Ukatha kulemba, uzidzutsa mutu.

Padzafika nthawi imene oyendera masukulu a boma adzakhala ali pafupi kubwera, kapena mayeso atayandikira, ndipo sukulu yonse mtima udzakhala m'mwamba. Mwina wina wamkulu kwa iwe adzakunong'oneza kuti uike mphamvu pa ana amene atsala pang'ono kudutsa mzere, otsalira kwambiriwo uwasiye kaye, chifukwa sasintha chiwerengero cha sukulu. Mwina sadzanena poyera, udzangoona mmene nthawi yagawidwira. Pamenepo udzakumbukire Lusiya. Kuyimba, kujambula ndi kuthamanga zikadzayamba kuchotsedwa kuti nthawi ipite ku mafunso akale, udzakumbukire zikhadabo zako. Sindikuti ukakangane ndi ahedi sabata yoyamba, ndimakudziwa iwe, pakamwa sipachedwa. Uyambe waphunzira ntchito, uone chimene chikuwaopsa, chifukwa nawonso pali wina pamwamba amene akuwayesa. Koma ukaona kuti mwana wina akutayidwa kuti pepala la sukulu lioneke bwino, ulankhule. Ife tinakula tikudziwa kuti boma likanena lanena, ndipo ngakhale kuno ndakhala ndikusayina makalata a sukulu osafunsa kalikonse. Iwe unabadwira kuno, njira zake ukuzidziwa. Uzipita kumisonkhano, uzilemba makalata, uzivota. Bomalo ndi anthu, ndipo chaka cha mliri chija tonse tinaona kuti nalonso limatha kulakwitsa n'kubwerera m'mbuyo anthu akalankhula.

Chinanso, kubera mayeso, chimene kwathu timati likasa. Usadzathandize mwana ndi bodza, ngakhale mtima utawawa bwanji. Kuloza yankho ndi chala podutsa, kuwonjezera mphindi mwakachetechete, kukweza giredi chifukwa ukudziwa mavuto a kwawo, zonsezo zimaoneka ngati chifundo pa tsikulo. Malume anandichitira chifundo chotero, ndipo sindingawanyoze, ndadya nacho, iwenso wadya nacho. Koma iwo anakankha njinga tsiku limodzi, ine ndasenza bodzalo moyo wonse. Fomu iliyonse yofunsa ngati ndinakhalapo ndi dzina lina, ndimalemba kuti ayi. Ngati mwana akufunika thandizo, umuthandize masana, pamaso pa onse, miyezi ya mayeso isanakwane.

Zina zazing'ono, poti mawa m'mawa tidzakhala pa chipwirikiti ndipo ukayamba kundiuza kuti ukudziwa kale. Jekete lalikulu lija usalisiye chifukwa choti ndi lachikale, kumeneko mphepo imachokera kunyanja ndipo ilibe chisoni. Botolo la kambuzi ndalikulunga m'masokosi ako a ubweya, utsegule sutikesi yofiira mosamala. Chingerezi cha anthu akumeneko akuti n'chovuta, ndiye mwina kwa nthawi yoyamba ukamva mmene ine ndinkamvera nditangofika kuno, kumwetulira ndi kugwedeza mutu osamva kanthu. A Mai Tembo aja a ku Zambia, amene tinkagwira nawo ntchito, anasamukira komweko, ndipo nambala yawo bambo ako ali nayo. Akakuitana ku chakudya upite, ndipo uyeseko kuwayankha m'chilankhulo chathu, sakakuseka, chawonso n'chopindika. Upeze tchalitchi. Uzidya chakudya chenicheni, osati buledi tsiku ndi tsiku. Ndipo iwenso akakuyesa kumeneko, akakhala kumbuyo kwa kalasi ndi pepala kumalemba mmene ukuphunzitsira. Tsiku lina zikavuta, sikudzakhala kutha kwa dziko. Ndikudziwa kuti mawu amenewa akuchokera kwa munthu wolakwika, koma alandire choncho.

Kiyi uja ndamuika mu envelopu muno, ndiye ngati yalemera usadabwe. Za Khirisimasi sindikukakamiza. Ukafuna kudyera ndi anzako, dyera, ndinu achinyamata. Koma kiyi utenge. Nyumba ino sunailowe chifukwa chokhoza kanthu, ndipo palibe pepala limene lingakutulutsemo, ngakhale kuti ine ndinakupangitsa kumva ngati lilipo. Ubwere tsiku limene wafuna, osagogoda. Ukabwera sindidzafunsa kuti wapeza zingati. Mwina pakamwa padzaterereka, pazolowera, ndiye udzangondiyang'ana ndi diso lako lija ndidzasiya. Ndikufuna ndidzakufunse mayina a ana a m'kalasi mwako, ndi amene amakuseketsa, ndi amene amakhala duu akaitanidwa.

Dzina limene malume anati lipume lapuma zaka zoposa makumi atatu. Kuno amene akulidziwa ndi bambo ako okha, ndipo ndinawaletsa kulitchula. Ndilo dzina limene linalephera kawiri, ndipo ndinkachita nalo manyazi, n'chifukwa chake sindinafune kuti iwe ulimve. Lero ndikulilemba pansipa ndi dzanja langa, koyamba chichokereni pa chitunda chija. Ukafika n'kumasula katundu, ngati mtima walola, undiimbire foni. Ukamva ndayankha, ufunse ngati mwini dzinali alipo. Kamodzi kokha, usazolowere, ndikadali amako. Lusiya anachita kuitana katatu, koma iwe ndikuyankha ulendo woyamba.

Uyende bwino mwana wanga, Mulungu akutsogolere.

Ndine amayi ako,
Enelesi